Tilembe Buku la Thengo Lathu

Anzathu a m'koperativa, tsopano kulemba tikudziwa. Tikulemba maina athu. Tikulemba matumba a chimanga, a mpunga ndi a nandolo. Tikulemba ngongole ya mbewu ndi tsiku lobweza. Mbuzi zathu timadziwa kuti zilipo zingati. Ikasowa imodzi, mudzi wonse umamva.

Koma kuseri kwa minda yathu kuli chuma china chimene sitinachilembepo. Chumacho ndi thengo la banja lathu: tsala limene anasiya agogo, mitengo ya m'mbali mwa dambo, kaphiri ka miyala kamene khasu silifikako. Muli mitengo ingati m'menemo? Muli nyama zanji? Gwape tinamuona liti komaliza? Ambiri a ife sitingayankhe. Lero tiphunzira kulemba buku la thengo lathu.

Thengo ndi nkhokwe yachiwiri

Taganizani zimene timatenga kuthengo. Nkhuni zophikira. Nsichi, phaso ndi luzi zomangira nyumba ndi zigafa za fodya. Udzu wofolera. Mipini ya makasu, mitondo ndi misi. Uchi. Mankhwala. Masuku, maula, mateme, mpoza, matowo ndi nthudza. Mvula ikagwa timatolako bowa, ngumbi ndi mphalabungu. Mwezi wa Januwale ndi wa Febuluwale, nkhokwe ya pakhomo itapepuka, ndiwo zambiri zimachokera kuthengo.

Ife a m'boma la Mecanhelas tili pakati pa nyanja, Chiuta uku, Chilwa uku. Nsomba zimatithandiza: matemba, makumba ndi milamba. Koma nyanja ya Chilwa ndi yosaya, ndipo imaphwa. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ouma. Nsomba zikasowa, anthu amathamangira kuti? Kuthengo. Amatcha misampha, amaotcha makala, amagulitsa nkhuni. Thengo likatha, chaka cha njala tidzathawira kuti?

Vutoli si la kwathu kokha. Kuwerenga kwa boma kunaonetsa kuti pakati pa 2003 ndi 2013 dziko la Mozambique linkataya mahekitala pafupifupi 267,000 a nkhalango chaka chilichonse, makamaka chifukwa chotsegula minda yatsopano. Boma limawerenga nkhalango za dziko lonse. Thengo la banja lathu angaliwerenge ndani, ngati si ife eni ake?

N'chifukwa chiyani tilembe?

Choyamba, mtima umaiwala. Thengo silitha tsiku limodzi. Limatha mtengo umodziumodzi, ndipo maso amazolowera. Mwana wobadwa lero adzayesa kuti malowa anali oyera chikhalire.

Chachiwiri, akuluakulu akupita. Agogo amadziwa dzina la mtengo uliwonse ndi ntchito yake. Amadziwa bowa wodya ndi bowa wakupha. Akamwalira tisanalembe, nzeruzo zimapita nawo kumanda.

Chachitatu, munthu wosadziwa chimene ali nacho amagulitsa motchipa. Wocheka matabwa akabwera, amabwera ndi pepala ndi chingwe choyezera. Iye amadziwa mtengo wake wa mlombwa ku Cuamba kapena ku Nampula. Ife tikapanda kudziwa kuti milombwa tili nayo ingati, tidzavomera chilichonse.

Chachinayi, buku limachepetsa mikangano. Kwathu kuno malo ambiri amayenda kuchikazi, ndipo mbumba imakula. Wina akufuna kulima, wina akufuna makala, wina wapachika ming'oma ya njuchi. Tikakhala pansi ndi buku, timakambirana zinthu zooneka, osati za m'maluwa.

Zofunika pa ntchitoyi

Sipafunika ndalama zambiri. Tipeze kope limodzi, pensulo, chingwe cha mamita 20, ndi thumba la pulasitiki losungiramo kope. Tilembe ndi pensulo chifukwa inki imasungunuka ikanyowa.

Tipite anthu atatu kapena anayi. Pakhale gogo wodziwa maina. Pakhale mayi wotola nkhuni ndi bowa, pakuti amayi ndiwo amayenda m'thengo kawirikawiri. Pakhale mnyamata woweta mbuzi, amene maso ake saphonya phazi la nyama. Ndipo pakhale wolemba. Mutu umodzi susenza denga.

Tisanayambe, tiwauze amfumu ndi eni mbumba. Tiwauzenso anansi athu a m'malire, kuti asatione ndi chingwe n'kuyesa kuti tikulanda malo.

Tsamba loyamba: malire

Patsamba loyamba tilembe dzina la banja, dzina la mudzi, ndi tsiku. Kenaka tiyende kuzungulira thengo pamodzi ndi anansi. Tijambule mapu. Kujambula bwino si nkhani. Chofunika ndi kuika zizindikiro zosasuntha: mlambe, mwala waukulu, chulu, khwawa, njira, chitsime. Tionetse kum'mawa ndi kumadzulo.

Tigawe thengo m'magawo monga momwe timatchulira masiku onse: kudambo, kuphiri, kutsala, kumsitu. Chilichonse chimene tidzaona tidzalemba gawo lake.

Kumanda sitilowako ndi chingwe. Koma tiime kunja, tiyang'ane mitengo ya kumeneko. Nkhwangwa ndi moto sizifikako. Umo ndi mmene thengo lathu lingakhalire litapuma.

Tsamba lachiwiri: mitengo

Thengo lathu lambiri ndi la miombo. Mitengo yake yochuluka ndi mombo, mchenga ndi tsamba. Pakati pake pali msuku, muwanga, msolo, naphini ndi chitimbe. M'mbali mwa madzi muli mkuyu, katope ndi mbawa.

Tilembe mtundu uliwonse pa mzere wakewake, ndi ntchito yake. Kuno timalankhula Chinyanja, Chilomwe, Chimakuwa ndi Chiyao. Tilembe maina onse amene tikuwadziwa. Mitengo ya matabwa tiilembenso ndi dzina limene limakhala pa mapepala a boma. Mlombwa ndi umbila. Msambamfumu ndi chanfuta. Mbawa ndi umbaua. Phingo ndi pau-preto. Tikadziwa maina amenewa, wobwera ndi pepala sangatipusitse.

Mitengo yonse sitingaiwerenge. Nayi njira yake. Tiyeze bwalo la mbali zinayi, mbali iliyonse mamita 20. Tiike miyala m'ngodya zake. Tipange mabwalo atatu otere m'malo osiyana, osasankha pokongola pokha. M'bwalo lililonse tiwerenge mitengo yonse yonenepa kuposa mkono wa munthu wamkulu.

Hekitala imodzi ndi mamita 100 m'litali ndi mamita 100 m'lifupi. Mabwalo 25 onga athuwa ndiwo hekitala imodzi. Tiyeni tichite samu. Tinene kuti tapeza mitengo 14, 10 ndi 12.

14 + 10 + 12 = 36
36 ÷ 3 = 12
12 × 25 = 300

Ndiye kuti pa hekitala pali mitengo pafupifupi 300. Chaka chamawa tibwerere pa miyala yomweyo. Tikapeza 9 m'malo mwa 12, ndiye kuti 9 × 25 = 225. Tataya mitengo 75 pa hekitala m'chaka chimodzi. Maso sakanationetsa zimenezi, koma kope latiuza.

Mitengo yamtengo wapatali, monga mlombwa, mbawa ndi msambamfumu, tiiwerenge yonse umodziumodzi. Uliwonse tiupatse nambala pa mapu. Tizungulize chingwe pa thunthu, pa msinkhu wa chifuwa, n'kuyeza masentimita. Tikagawa ndi 3 tipeza kukula kwa thunthu kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Chingwe cha masentimita 120 chikutanthauza thunthu la masentimita pafupifupi 40. Tisateme mtengo ndi nkhwangwa poika chizindikiro, pakuti bala limalowetsa moto ndi chiswe.

Tisaiwale ana a mitengo. Mlombwa uli ndi khalidwe lake. Ukamera, kamtengo kake kamauma m'chilimwe n'kuphukanso m'dzinja, chaka ndi chaka, kwa zaka zingapo. Nthawi yonseyo muzu ukukula pansi. Ukapeza mphamvu, m'pamene umaponya thunthu. Choncho kachitsamba kamene timakaponda kangakhale ndi zaka zambiri kale. Kuti kafike pochekedwa matabwa pamapita moyo wa munthu. Mlombwa umene tikudula lero anatisungira ndi agogo.

Zitsa nazo tiziwerenge. Mitengo ya miombo imaphukira pa chitsa ndi pa mizu. Chitsa chamoyo ndi mtengo wamawa. Tikasiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu n'kuchotsa zinazo, zimakula msanga kuposa mbande yodzala.

Tsamba lachitatu: nyama

Nyama zambiri zimayenda usiku, ndipo zimatiopa. Sitiziona, koma zimasiya kalata. Kalata yake ndi mapazi, ndowe, ubweya, maenje, ndi zotsala za chakudya. Nthawi yabwino yowerenga kalatayi ndi m'mamawa, mbuzi zisanatuluke, makamaka mvula itagwa usiku. Tingathenso kusalaza mchenga pa njira ya kumadzi madzulo, n'kukaona mawa lake.

Gwape amasiya ziboda ziwiri zazing'ono zosongoka, ndi timibulu ta ndowe. Nguluwe imafukula nthaka ngati yalimidwa. Nungu amagwetsa minga yake ya mizere yakuda ndi yoyera. Fungwe amachitira chimbudzi pamalo amodzi masiku onse, ndipo m'ndowe zake mumaoneka njere za zipatso ndi zikamba za bongololo. Ndowe za fisi zimayera zikauma chifukwa cha mafupa. Changa timamumva usiku akulira ngati mwana. Tchenzi imadula udzu ndi bango n'kusiya tizidutswa mulu.

Polemba titsate zinthu zinayi: tsiku, malo, chimene taona, ndi kuchuluka kwake. Nachi chitsanzo:

12 Disembala. Kudambo. Mapazi a gwape, wamkulu ndi mwana.
15 Disembala. Kuphiri. Anyani 11, ana 3. Taona ndi maso.
20 Disembala. Kutsala. Minga 4 ya nungu pafupi ndi chulu.
3 Januwale. Kumsitu. Changa walira usiku. Tamva, sitinaone.

Taonani kuti tasiyanitsa kuona, kumva, ndi kupeza mapazi. Zongouzidwa tilembe kuti tauzidwa. Tikakayika, tilembe kuti takayika, ndipo tijambule phazilo. Bodza limodzi limaipitsa buku lonse.

Tisiye tsamba lina la nyama zimene zinatha. Tifunse akuluakulu kuti, "Agogo, muli mwana munkaona nyama zanji kuno? Mbawala munaiona liti komaliza? Nanga kambuku?" Ngati chaka sachikumbukira, atiuze chochitika cha nthawiyo: chaka chimene sitima inayamba kudutsa pa Entre-Lagos kupita ku Malawi, ndicho 1970, chaka cha ufulu, 1975, chaka chimene nkhondo inatha, 1992, chaka cha namondwe Freddy, 2023. Tsamba limeneli ndi lowawa kuwerenga, koma ndilo limatsegula maso a achinyamata.

Tsamba lachinayi: mbalame ndi tizilombo

Mbalame n'zosavuta chifukwa zimadziulula ndi mawu. Tisankhe malo amodzi. Kamodzi pa mwezi tikhale pamenepo dzuwa likutuluka, tili chete, kwa nthawi yofanana ndi yophika nsima. Tilembe zonse zimene taona ndi kumva: nkhwali, nkhanga, njiwa, pumbwa, gogomole, nang'omba, mphamba. Kudambo tilembe akakowa, atsekwe ndi nantchengwa.

Wina anena kuti, "Nanga zimenezi zikukhudzana bwanji ndi munda wanga?" Zikukhudzana ndithu. Kadzidzi ambiri timamuopa, koma usiku uliwonse amagwira mbewa ndi makoswe amene amatha chimanga chathu. Nsato ndi msulu nazonso zimadya makoswe. Nkhanga zimatola ziwala ndi mbozi. Mileme ina imadya tizilombo touluka usiku, ina imamwaza njere za mikuyu ndi zipatso zina. Njuchi zimanyamula ufa wa maluwa, ndipo popanda izo maungu ndi mpendadzuwa sizibereka bwino. Antchito onsewa salipidwa. Malipiro awo ndi pogona basi: mphako ya mtengo wakale, chitsamba, udzu wosapsa.

Tsamba lachisanu: miyezi

Tigawe masamba 12, mwezi uliwonse tsamba lake. Tilembe chiyambi cha chinthu chilichonse: tsiku limene miombo yaphuka masamba ake ofiira, tsiku limene masuku ayamba kugwa, mvula yoyamba, ngumbi zoyamba, bowa woyamba, tsiku limene khwawa laphwa. Pakapita zaka zitatu kapena zinayi, masamba amenewa adzatithandiza kudziwa nyengo ya kwathu kuno, osati ya kutali.

Pa bowa pali phunziro lalikulu. Utale umamera pa chulu, chifukwa chiswe ndicho chimaulima pansi. Koma manyame ndi ndelema amakhala pa mizu ya miombo ndi ya misuku. Bowa amathandiza mtengo kupeza madzi ndi chakudya cha m'nthaka, mtengo nawo umadyetsa bowa. Mitengoyo ikatha, bowayo amathanso. Wootcha makala amalandira ndalama kamodzi. Mayi wotola bowa amataya ndiwo za zaka zonse. Tilembe madengu a bowa ndi a masuku, ndi mabotolo a uchi, pamodzi ndi ndalama zimene tapeza. Tikatero tingayerekeze bwino ndi thumba la makala.

Chenjezo: bowa amene sitikumudziwa timujambule m'kope, koma tisamulawe. Ndipo tisapise dzanja m'dzenje kapena m'mphako. Mphiri sathawa munthu.

Zowononga nazo zilembedwe

Tisanamizane. Nyama zina zimatipweteka. Anyani amathyola chimanga. Nguluwe zimafukula chinangwa. Fisi amagwira mbuzi. Zimenezinso tilembe: tsiku, munda wa yani, mizere ingati. Tikatero tidziwa miyezi yofunika kulondera, ndi mbali imene nyama zimalowera. Popita kukadandaula kwa amfumu kapena kwa alangizi, tidzapita ndi masiku ndi manambala.

Tilembenso zimene anthu awononga: zitsa zatsopano, mauvuni a makala, misampha ya waya, mitengo yosendedwa makungwa kuzungulira. Mtengo wosendedwa chotero umauma. Mng'oma wa khungwa umapha mtengo umene njuchi zimadyapo. Ndi bwino kupanga ming'oma ya matabwa kapena ya mtengo wouma kale.

Moto ulembedwe mosamala: unayamba liti, unachokera kuti, unatentha gawo liti. Moto wa mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitse, umayenda pansipansi n'kuzima wokha madzulo. Moto wa mu Seputembala ndi Okutobala ndi wolusa. Umapha mphukira, umatentha zisa ndi ming'oma, ndipo umasiya nthaka yamaliseche mvula ikubwera. Mbewa zochepa za mnyamata wosaka zingatidyere mitengo ya zaka khumi. Tilambule mzere kuzungulira thengo udzu usanaume.

Nkhani ya nsadzu

Ena amati nzeru za kumudzi si sukulu. Tamvani izi. Mtsinje wa Lugenda umayambira kufupi ndi kwathu, pa nyanja za Chiuta ndi Amaramba. Umayenda mpaka ku nkhalango yaikulu yotetezedwa ya Niassa, ya makilomita 42,000 m'bwalo lake. Kumeneko Ayao ofula uchi amaitana nsadzu, imene iwo amati sego, ndi kaitanidwe kawokawo. Mbalameyo imawatsogolera ku njuchi, iwo n'kuisiyira phula.

Akatswiri atatu, Claire Spottiswoode, Keith Begg ndi Colleen Begg, anayenda ndi ofula uchiwo n'kumalemba ulendo uliwonse. Mu 2016 anafalitsa zimene anapeza. Poitana ndi kaitanidwe ka makolo, njuchi zinkapezeka pa maulendo 54 mwa 100 alionse. Pogwiritsa ntchito mawu ena wamba, zinkapezeka pa maulendo 17 okha. Ofula uchi ankadziwa kale zimenezi. Chimene chinaonjezeka ndi kulemba ndi kuwerenga basi, ndipo dziko lonse linamva. Ifenso nzeru tili nazo. Pensulo tsopano tili nayo.

Buku ndi lamulo

Lamulo la malo la mu 1997 linanena kuti nthaka ndi ya boma ndipo sigulitsidwa. Linanenanso kuti anthu okhala pamalo motsata mwambo wa makolo ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, ngakhale alibe pepala. Umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe, linauvomereza. Ndipo linalamula kuti malo asanaperekedwe kwa munthu wobwera, anthu a m'mudzi afunsidwe. Mu 2005 boma linakhazikitsanso kuti pa ndalama 100 zilizonse za msonkho wodulira mitengo, 20 zizibwerera kwa anthu a m'dera limene mitengoyo yadulidwa, kudzera m'komiti yawo.

Kope lathu si pepala la boma. Koma munthu akadzanena kuti, "Malo awa ndi tchire lopanda mwini," tidzatsegula kope. Tidzaonetsa malire, ming'oma, misuku, ndi zaka zimene takhala tikusamala. Pomwepo tsala silionekanso ngati malo otayidwa.

Pali chinthu chimodzi chosafunika kuulula. Nkhaka, kanyama ka mamba kodya nyerere ndi chiswe, ikusakidwa kwambiri ndi ogulitsa kunja. Imabereka mwana mmodzi yekha pa nthawi. Mu 2017 malamulo a dziko lino anakhwimitsidwa, ndipo chilango chopha kapena kugulitsa nyama yotetezedwa chinafika zaka 16 m'ndende. Tikaona nkhaka, tilembe tsiku lokha, malo ake tisalembe. Mlendo wofunsafunsa za nkhaka tisamuonetse buku. Buku lathu likhale mlonda wa thengo, lisakhale mlondola wa mbala.

Pakutha pa chaka

Tikakolola, banja lonse likhale pansi. Mwana wa sukulu kapena mmodzi wa ife awerenge buku mokweza. Tifunsane: chachuluka n'chiyani? Chachepa n'chiyani? Chaka chino tidula gawo liti, ndipo gawo liti lipume? Ndi mitengo iti imene sitidzaidula konse, kuti ikhale yambewu? Zimene tagwirizana zilembedwe, onse asayine kapena adinde chala.

Kenaka tibwere ndi makope athu ku msonkhano wa koperativa. Gwape sadziwa malire a banja, moto nawo suwadziwa. Mabanja khumi akaika makope awo pamodzi, mudzi umaona thengo lake lonse.

Mawu oti tiphunzire kulemba

thengo, malire, mapu, hekitala, mlombwa, mphukira, chitsa, nsadzu, umboni

Mafunso okambirana

1. Tchulani zinthu zisanu zimene banja lanu latenga kuthengo mwezi uno.
2. N'chifukwa chiyani manyame amasowa miombo ikadulidwa?
3. M'mabwalo atatu mwapezeka mitengo 8, 11 ndi 11. Pa hekitala pali mitengo ingati?
4. Moto wa mu Juni ukusiyana bwanji ndi wa mu Okutobala?
5. Ndi nyama iti imene agogo anu ankaiona koma inu simunaionepo?

Ntchito ya sabata ino

Pitani kuthengo ndi munthu wamkulu wa m'banja mwanu. Lembani maina a mitengo khumi ndi ntchito zake. Lembaninso mapazi atatu a nyama amene mwapeza, tsiku lake ndi malo ake. Mubwere ndi kope lanu pa phunziro lotsatira, tidzawerengerane.